Chinsungwi m'Tipoti ya Amayi

Pontardawe
7 Ogasiti 2023

Okondedwa achemwali anga a Nerys,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, mvula yokha ndi imene yatikwana. Chaka chino dzuwa tikungolimva kwa anzathu.

Ndasankha kulemba chifukwa foni mwandidulira mokwanira. Pepala simungalidule mawu. Mukhoza kuling'amba, koma ndikukudziwani, muyamba mwawerenga mpaka kumapeto kuti mupeze poyambira kundikalipira. Ndiye thirani tiyi, mukhale pansi, mundimvere lero lokha, poti chiyambire tili ana simunandilolepo kumaliza nkhani.

Mwakwiya chifukwa ndinabweza anthu okumba aja, amene munavutika kuwapeza muli ku Perth konko, kutsidya kwa nyanja, kuti adzachotse chinsungwi cha ku Japani m'munda wa kuseri kwa nyumba ya Bambo. Mukunena zoona kuti chikhalirebe pamenepo palibe amene angagule nyumbayi, poti chomera chimenechi sichifa wamba ndipo anthu amaopa kuti chiwaonongera makoma, ndiponso kuti nyumba ikapanda kugulidwa Bambo sangasamukire ku kanyumba kopanda masitepe kaja. Zonsezo sindikutsutsa. Koma pali chimene simukuchidziwa, chimene Bambo anandiletsa kukuuzani, ndipo lero ndaswa lamulo lawo. Chinsungwicho chinafika pa mtengo wa maapozi, achemwali. Chazungulira malo onse amene tinathira phulusa la mtembo wa Amayi.

Inu mukuchikumbukira chili kumpanda kokha, cha ku njanji yakale, kumene tinkathyola mapesi ake ouma n'kumauzirana timiyala m'khosi. Paja munandilasa m'diso n'kundilonjeza chidole chanu kuti ndisakanene, chidole chimene mpaka lero sindinachione. Nthawi imeneyo chinali choseweretsa chathu. Tsopano ndikuuzeni mmene chinadumphira munda wonse n'kukafika pa mtengowo, chifukwa mukapanda kumva zimenezi Bambo simuwamvetsa.

Mukudziwa kuti Bambo sataya kanthu. Makoko a mbatata, masamba a tiyi, zikamba za mazira, zonse zimapita pa mulu wa manyowa. Chinsungwi chitayamba kulowa pansi pa mpanda, iwo anachiyesa udzu ngati udzu wina uliwonse, wongofuna munthu wolimbikira. Loweruka lililonse chikwakwa chinali m'manja, kumweta, kukumba mizu, kuiduladula ndi fosholo, n'kuponya pa mulu womwewo. Ndiye Malichi akafika ankasankha manyowa abwino koposa, akuda bii, n'kukathira patsinde pa mtengo wa Amayi. Ankati, "Mayi ako ankakonda zonona, tisawamane." Sankadziwa kuti kachidutswa ka muzu kochepa ngati chikhadabo kamamera. Anachibzala okha pamenepo ndi manja awo, wilibala ndi wilibala, chifukwa cha chikondi. Anadzazindikira mochedwa, ndipo chizindikirireni akhala ndi manyazi amene sindinawaonepo nawo.

Munthu wa kampani yanu ija anabwera kudzaona malo mu Epulo. Anali bambo waulemu ndithu, anavula nsapato polowa m'khitchini. Anayenda m'munda ndi chitini cha penti akulemba mzere pa udzu, ndipo mzerewo unapita n'kupita mpaka mtengo wa maapozi unakhala m'kati.

"Zonse zili m'katimu zichoka," anatero. "Tikumba dzenje loti munthu ataimiriramo asaoneke. Dothi tipakira m'malole otseka, likakwiriridwe kumtaya. Dothi lotere silingapite kwina."

Ndinafunsa, "Nanga mtengowu?"

"Pepani mayi, mtengo nawo uli m'gulu. Mizu yake yalukana ndi ya chinsungwi."

Ndinatembenuka kuyang'ana Bambo. Anaima pakhomo atatsamira ndodo, chipewa chili m'manja ngati ali m'tchalitchi. Ndinkayembekeza kuti aphulika, paja mukukumbukira mmene anathamangitsira anthu a magetsi amene anangodula nthambi imodzi ya mtengo womwewo. Koma anangoti, "Chitani zimene ana anena. Nerys amadziwa zinthu." Kenaka anafunsa mlendoyo ngati amathira shuga.

Inenso sindinatsutse, ndipo pamenepo ndisakunamizeni. Ndinadziuza kuti phulusa ndi phulusa, kuti Amayi sali m'dothi, kuti amoyo ndiwo ofunika. Ndinaganizanso zofukula phulusalo tisanayambe, koma tifukula chiyani? Paja Amayi anakana bokosi. Anati, "Mungondithira pansi basi, ndikadyetse maapozi, mundipeza m'chitumbuwa." Tinaseka tonse tsiku limenelo m'chipatala, mpaka namwino anadzasuzumira. Tinachitadi zimene ananena, ndipo zaka zonsezi mvula yawasakaniza ndi dothi moti palibe munthu angawalekanitse.

Tinayamba kulongedza katundu. Bambo sanadandaule ngakhale kamodzi. Ankakulunga mbale m'manyuzipepala akuimba chamumtima, ine n'kumati nkhalambayi yavomereza.

Tsiku lina m'mawa, mu Meyi, ndinakwera pampando kuti nditsitse mabulangete pamwamba pa wadiropu ya kuchipinda kwawo. Kuseri kwa mabulangetewo ndinapeza tipoti ya Amayi, yofiirira ija, yobenthuka pachogwirira, imene tinkati inatayika. Inali yolemera, chivundikiro atachimanga ndi chingwe. Ndipo pa mlomo wake, potulukira tiyi, panali patatuluka kamphukira kofiira, kotalika ngati chala changa, katapindikira kuwindo.

Ndinatsika nayo. Bambo anali atakhala pabedi akulimbana ndi sokosi.

"Bambo, ichi n'chiyani?"

"Tipoti. Zaka zonsezi ukuphikira ana a sukulu, tipoti suidziwa?"

"Ndikunena chatuluka pamlomochi."

Anavala magalasi, anayang'anitsitsa, kenaka anauza kamphukirako kuti, "Ha! Iwe mbava iwe, wanditsatira mpaka kuchipinda?"

Anayamba kuseka, kusekako kunasanduka chifuwa, ndipo chifuwacho chinatenga nthawi kuti chiwasiye. Atapeza mpweya anaika tipotiyo pamiyendo n'kuigwira ndi manja onse awiri.

"Ndinangotapako pang'ono, mwanawe," anatero. "Patsinde penipeni. Ndimati kumene ndikupitako ndikakhale nawo pawindo. Kwinako apite kumtaya, nanga nditani, chilombochi ndinawabweretsera ndine. Koma asapite onse, Eluned. Onse ayi."

Achemwali, mtima wanga unasweka. Bambo amene anatha zaka zawo zonse pansi pa nthaka akukumba malasha, amene sanapemphepo chilolezo kwa munthu aliyense, anachita kuzemba ndi supuni kukaba dothi m'munda mwawo momwe. Mukundidziwa, ine ndikafuna kulira ndimayamba ndi kukalipa.

"Nanga bwanji simunanene? Pakamwa mulibe?"

"Ndinene chiyani? Mkulu wako wavutika nazo zimenezi ali kutali, kuimba mafoni uku ndi uku chifukwa cha ine. Wolakwa ndine, ndiye ndiyambenso kuvuta? Ndipo usakamuuze za tipotiyi, angaziike pamtima."

Ndinatuluka panja, ndinaimbira munthu wa kampani uja, ndinamuuza kuti asabwere. Madzulo ake ndi pamene ndinakuimbirani inu, ndipo poti ndinali nditalonjeza, ndinangoti ndawabweza. Zimene munanditchula sindizibwereza pano, ngakhale zina mwa izo ndi zoona.

Munthu wa kampani uja sanakwiye. Anandiuza kuti njira ina ilipo, yoti mwini malo akhoza kuichita yekha, kungoti ambiri saifuna chifukwa imatenga zaka zitatu kapena zinayi. Njira yake ndi yopusa mukaimva koyamba. Kuti uchiphe chinsungwi uyenera kuchisiya chikule. Osachimweta, osachikumba, osathyola ngakhale tsamba, kuyambira pamene chatuluka mpaka chichite maluwa. Maluwa akayamba kuyoyoka, cha kumapeto kwa Sepitembala, chimayamba kutsitsira chakudya chake chonse kumizu pokonzekera chisanu. Pamenepo ndiye umagwada n'kubaya phesi lililonse ndi jekeseni ya mankhwala, chapansi, pakati pa mfundo ziwiri, ndipo icho chimatenga mankhwalawo n'kupita nawo chokha kumizu. Kupopera sitingathe, mankhwala angagwere mtengo. Ndi phesi limodzilimodzi, chogwada, ndipo mapesi alipo osawerengeka. Chaka chamawa chidzatuluka chofooka, tidzachitanso, mpaka chidzatope. Koma dothi silichoka, ndipo mtengo sugwa.

Ndinkaganiza kuti chovuta chidzakhala kubayako. Chovuta ndi kuletsa Bambo. Kuuza munthu ameneyu kuti ayang'ane udzu ukukula osaukhudza ndi chilango choposa ndende. Chikwakwa ndinapita nacho kwathu. Fosholo ndinakasiya kwa anzanga. Tsiku lina ndikubwera kuntchito ndinawapeza kuseri kwa shedi, kanyumba kosungiramo zipangizo kaja, ali ndi mpeni wodulira buledi.

"Mukupita nawo kuti mpeniwo?"

"Ndimafuna ndidye sangweji panja."

"Buledi wake ali kuti?"

"Ndamuiwala. Ukalamba, mwanawe, sukuudziwa?"

Tsopano mipeni ndimaiyang'anira ngati m'nyumba muli mwana wokwawa. Chinsungwicho chasangalala zedi. Chapitirira denga la shedi, masamba ake ngati mbale, ndipo ukaima m'khitchini mtengo wa Amayi umangoona nsonga yake yokha. Kunena zoona, nthawi zina ndimachita mantha kuti mwina ndalakwitsa.

Mai Prosser a nyumba yoyandikana nayo ija, amene anayambitsa madandaulo onsewa chifukwa chinatulukiranso kumbali yawo ya khoma, anapirira mpaka mu Julayi. Kenaka anatulukira pakhoma, zopanira zovala zili m'manja, n'kuitana Bambo.

"A Idwal, kodi mwatsegula nkhalango ya boma? Mundiuze msanga akambuku akabwera, ndichotse mphaka wanga."

Bambo anayankha ali pampando, "Kambuku sangalimbe kulowa kwanuko, mayi. Nayenso amaukonda moyo."

"Musandiseke! Munalonjeza kuti zikumbidwa. Ine ndikupita ku khonsolo mawa lomwe."

Ndinawaitanira m'khitchini kuti tikambirane ngati anthu. Sindinanene zambiri, ndinangowaonetsa tipoti ili pawindo n'kuwauza chimene chili m'katimo. Anaizindikira, paja amweramo tiyi zaka zambiri, miseche ili m'kati. Kenaka anapukuta mphuno n'kunena kuti, "Makeke a Menna, mayi ako, ankapserera pansi nthawi zonse, koma anali munthu. Cha kwangacho muchisiyenso, mudzabaye limodzi. Koma mukandipondera maluwa tidzaonana." Chichokereni tsiku limenelo amabweretsera Bambo msuzi Lachinayi lililonse, ndipo Bambo akuti ndi njira yawo yatsopano yofuna kuwapha.

Manja a Bambo ndinawapezera chochita. Phesi lililonse likabayidwa limafunika chizindikiro, kuti usabaye kawiri kapena kulumpha lina. Ena amapaka penti. Ine ndinakumbukira dengu la Amayi la zoluka, mmene munali ulusi wofiira wa juzi ya Osian wanu ija, imene anailuka mpaka pachifuwa n'kulephera kuimaliza. Ndinaopa kuti Bambo akana, koma anangoti, "Mwanayo pano sangakwanemo ngakhale mkono." Masana aliwonse amakhala pawindo ndi sizasi, kudula ulusiwo tizidutswatizidutswa n'kumaponya m'chitini cha mabisiketi. Apeza choti azidula, ndipo chinsungwi chapumako. Juziyo sitinaimasule, ili m'dengu momwemo, singano zake zili pomwe Amayi anazisiya.

Za kuchipatala sindimafuna kulemba zambiri. Ndi fumbi la mumgodi lomwe lija, palibe chachilendo. Kungoti mu Juni anawapatsa makina a mpweya, ndipo bedi tinalitsitsira kuchipinda chochezera, moti nkhani ya masitepe inatha yokha. Nditafunsa adokotala ngati kuli bwino kuti tifulumize zosamukazo, anatseka faelo, anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Asiyeni akhale kumene mtima wawo uli." Sindinafunsenso china. Inu munali namwino, mukudziwa bwino kuposa ine tanthauzo la dokotala akayamba kulankhula za mtima wa munthu wodwala mapapo.

Eni ake akudziwa. Tsiku lina ndikuwafotokozera za zaka zitatu kapena zinayi zija, anawerenga pa zala n'kuseka.

"Zinayi? Ndiye kuti ine ndingokuyambitsirani, mudzamaliza nokha."

"Musayambe zimenezo, Bambo."

"Ndikungonena. Ndipo mukadzandithira pamenepo pafupi ndi mayi ako, wina asadzabwere ndi manyowa. Ndaphunzira."

Ndinawaponyera kansalu kopukutira mbale, n'kupita kubafa kukatsegula mpopi kuti asandimve. Ndikuopa, achemwali. Ndimadzionetsa wolimba chifukwa palibe wina woti alimbe, koma ndikuopa, ndipo ndakusowani kwambiri.

Tipoti ija ikadali pawindo la kukhitchini. Ndikudziwa kuti ndinayenera kuotcha kamphukirako tsiku lomwelo, ndipo musakandinenere kwa aliyense. Kali ndi masamba tsopano, ndipo Bambo amakathirira madzi m'mawa uliwonse akukatukwana. Akuti ndi mkaidi wawo. Tinapangana kuti tipotiyo situluka m'nyumba muno iwo ali moyo. Pambuyo pake chomeracho chidzapita pamoto ndi mizu yake yonse, ndipo dothi lidzabwerera patsinde pamene linachokera, tsiku limodzi ndi iwo.

Ndikudziwa kuti munafuna zabwino. Munali kutali, munaona bambo wokalamba, masitepe ndi udzu woopsa, ndipo munachita zimene mumachita nthawi zonse, kukonza zinthu mwamsanga ife tikadali kukanda m'mutu. Sindikukuimbani mlandu. Mukanakhala inu pampando paja n'kuona chimene ndinaona kuseri kwa mabulangete, foni ija mukanaimba ndinu, ndipo mukanalankhula mokweza kuposa ine.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani mu Sepitembala. Maluwa ayamba kale kuonetsa timitu, posachedwa munda wonse uyera mbee, njuchi za m'chigwa chonse zidzasonkhana kuno. Tidzazidikira zimalize, kenaka tidzayambe. Ndekha sindingathe nthawi isanadutse, chifukwa chisanu chikangogwa masamba amafota ndipo mpata umatha mpaka chaka china. Musavutike ndi zovala zogwirira ntchito. Majombo anu obiriwira aja akadali m'shedi, Bambo sanawataye, monga mukudziwa kale. Maapozi nawo abereka kwambiri chaka chino, ndinakwawira m'kati mwa chinsungwi kukawaona, ndipo adzakhala atapsa mukamafika.

Mundiperekere moni kwa alamu a Dilwyn, muwauze kuti akuphikireni tiyi wina mukamaliza kuwerenga. Tegan ndi Osian muwapsompsone, ngakhale akula moti adzachita manyazi. Mai Prosser akuti moni, akutinso munanenepa pa chithunzi chija. Ine sindinavomereze.

Ndawauza Bambo tsopano lino kuti ndakulemberani zonse, za tipoti zomwe. Anditchula kazitape, kenaka afunsa ngati papepala patsala malo. Akuti ndilembe ndendende mmene akunenera, ndiye nazi: "Nerys, mwana wanga, sunalakwe kanthu, ndipo usamukwiyire mng'ono wakoyu, mutu wouma anatengera kwa ine. Ntchito ndagawa kale. Eluned azibaya, iwe uzimanga ulusi poti ndiwe waudongo, ine ndizikhala pampando n'kumakuuzani kuti mukulakwitsa. Ulusi ndadula wokwanira, watsala ndi womanga."

Atopa tsopano, agona pampando sizasi ili m'manja, ndipo ndikupita kukaichotsa isawagwere paphazi.

Musanene kuti mudzabwera chaka chamawa, achemwali. Chaka chamawa chinsungwi chidzakhalapo.

Ndine mng'ono wanu wosamva uja, amene amakukondani,

Eluned